Chosalazira dothi cha pa thirakitala: ndigule buledi (grader blade) kapena bokosi (box blade)?

Mlimi wina wa ku Salima walemba motere: "Ndili ndi thirakitala ya Massey Ferguson 375, yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Ndimalima mpunga mahekitala awiri kufupi ndi Lifuwu, pa dothi la makande. Madzi onse amathawira kumunsi, uko mpunga umamira, pomwe kumtunda kumauma ndipo udzu wake ndi wosayamba. Pakati pa munda pali zulu ziwiri. Msewu wochoka kumunda, wa mamita pafupifupi 600, unakumbika moti lole yodzatenga mpunga imakana kulowa. Ndalama ndili nazo za chipangizo chimodzi basi. Wogulitsa wina ku Lilongwe akuti ndigule grader blade, wina akuti box blade, ndipo mnyamata wowotcherera zitsulo pa Kamuzu Road akuti andipangira motchipa. Nditani?"

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mtima ukhale m'malo, thirakitala muli nayoyo ndi yokwanira. Mphamvu ya 75 hp imakoka chilichonse mwa ziwirizi popanda kubanika, bola kukula kwake kukhale koyenera. Ogulitsa awiriwo palibe amene wakunamizani, kungoti aliyense wayankha ntchito imodzi mwa zitatu zomwe muli nazo. Msewu umafuna chitsulo chokankhira dothi kumbali. Munda wa mpunga umafuna chitsulo chonyamula dothi pokwera n'kukalitaya potsika. Chulu chimafuna mano okumba. Poti ndalama ndi za chimodzi, ine ndikuti gulani bokosi, box blade ija, chifukwa munda ndiwo umakupatsani ndalama chaka ndi chaka, pomwe msewu ungathe kuumbidwa kamodzi ndi gireda yobwereka, inu n'kumangousamala.

Buledi, imene ogulitsa amati grader blade, ndi chitsulo chimodzi chachitali chopindika, chokhala ndi mpeni kunsi kwake. Ubwino wake ndi woti imatembenuka. Mukaipendeketsa, dothi limatsetsereka m'chitsulomo n'kutulukira mbali imodzi, ndipo mukatsitsa nsonga imodzi imakumba ngalande. Pa msewu palibe choiposa. Koma m'munda imakhumudwitsa, chifukwa dothi limene yadula limathawira m'mbali musanafike nalo kumene mukulifuna. Kupitirira mamita 20 kapena 30 mumapezeka mukungowotcha dizilo. Bokosi lili ndi zipupa m'mbali zonse ziwiri, mpeni wakutsogolo ndi wakumbuyo, ndi mano asanu kapena asanu ndi limodzi amene amatsika ndi kukwera pa mapini. Mano amang'amba nthaka youma, mpeni umadula, zipupa zimasunga dothi, ndipo mukafika potsika dothilo limakhuthuka lokha pansi pa mpeni. Pali chachitatu chimene mungachimve, land leveller kapena land plane, chachitali chokhala ndi mipeni iwiri ndi zotsetserekera m'mbali. Chimamaliza bwino kwambiri, koma sichinyamula dothi lambiri, ndiye sichoyamba kugula.

Musanapereke ndalama kwa aliyense, yezani munda. Apa ndi pamene ambiri amaluza, chifukwa diso limanama: munda wooneka ngati wasiyana pang'ono umapezeka wasiyana ndi phazi lathunthu. Khomani zikhomo pa mamita 10 alionse, m'litali ndi m'lifupi. Ngati m'munda mudakali madzi, ntchito yachepa, poti madzi odekha ndiwo levulo yabwino kuposa zonse. Pitani m'mamawa mphepo isanayambe, muyeze kuya kwa madzi pa chikhomo chilichonse ndi kulemba m'kope. Masana mphepo ya kunyanja imakankhira madzi mbali imodzi ndipo muyeso umasokonekera. Ngati munda ndi wouma, gulani payipi yopyapyala yoonekera mkati ya mamita 15 kapena 20, muidzaze madzi mosasiya thovu la mpweya ngakhale limodzi, mumangirire nsonga zake ku ndodo ziwiri zomatidwa tepi yoyezera. Munthu mmodzi aime pa chikhomo choyamba, wina pa chotsatira; kusiyana kwa manambala pamene madzi aima ndiko kusiyana kwa nthaka. Mukaphatikiza miyeso yonse n'kugawa ndi chiwerengero cha zikhomo, mwapeza mulingo umene munda wonse uyenera kufikapo. Zikhomo za podula muzimange kansanza kofiira, za pothira kansanza koyera, ndi kulembapo masentimita ake kuti dalaivala aziona ali pampando.

Manambalawa ndi amene angakuuzeni kukula kwa ntchito. Tiyerekeze hekitala imodzi, mamita 100 mbali zonse, yotsetsereka ndi masentimita 30 kuchoka kumtunda kufika kumunsi. Mukafuna kuti yonse ikhale ndime imodzi, kumtunda kwenikweni mudula masentimita 15, ndipo dothi lonse losuntha likwana makiyubiki mita 375, lililonse loyenda mamita oposa 60. Kiyubiki mita imodzi ndi mawilibala pafupifupi 15. Bokosi la mamita 2.1 limanyamula kupitirira pang'ono theka la kiyubiki mita, kutanthauza maulendo oposa 600 pa hekitala imodziyo. Tsopano gawani hekitala yomweyo m'ndime zinayi za mamita 25, zodutsa mopingasa chitsetse, iliyonse ndi mgula wake. Ndime iliyonse yasiyana ndi masentimita 7.5 okha, podula kwambiri simufika masentimita 4, dothi losuntha latsika kufika pa makiyubiki mita 94, ndipo likuyenda mamita osakwana 20. Dothi lachepa kanayi, mtunda wachepa kanayi. Mgula womanga ndi khasu umapulumutsa dizilo wambiri kuposa chitsulo chilichonse chimene mungagule.

Pali chifukwa china chosadulira mozama. Chonde cha munda chili m'masentimita 15 kapena 20 apamwamba. Mukachikokolola n'kukachiunjika kumunsi, kumtunda kumatsala dothi lakufa, ndipo mpunga wa pamenepo umabwera wachikasu, wosabereka ana, kwa nyengo imodzi kapena ziwiri. Paliponse pamene mwadula kupitirira masentimita 10, yambani mwakankhira dothi lapamwamba pambali, mudule lapansi, kenako mubwezeretse lapamwambalo. Malo odulidwa muwakondere ndi manyowa. Cholinga chanu m'ndime iliyonse ndi choti pokwera ndi potsika pasasiyane kupitirira masentimita 3 mpaka 5, chifukwa mpunga, kaya ndi Kilombero kaya Faya, umafuna madzi a masentimita 5 mpaka 10, ndipo mbande zongowokeredwa zimafuna ochepera apo.

Pogula bokosilo, choyamba tengani tepi muyeze thirakitala yanu kuchokera kunja kwa tayala lakumbuyo kufika kunja kwa linzake. Pa 375 mupeza pafupifupi mamita awiri, malingana ndi mmene marimu anamangidwira. Bokosi liyenera kuphimba mapazi a matayala onse awiri, apo ayi muzisiya mizere imene simungaifufute. La mamita 2.1, limene ogulitsa amati la mafiti 7, ndilo lanu. La mamita 2.4 likadzaza makande achinyezi, thirakitala yokoka ndi matayala awiri imangopalasa pamodzimodzi. Chachiwiri ndi kulemera. Mikono ya hayidiloliki ya thirakitala ngati yanuyi imanyamula kokha, siikanikiza pansi, choncho chimene chimalowetsa mpeni m'nthaka ndi kulemera kwa chipangizocho. Bokosi la makilogalamu 200 limangodumphadumpha pa makande. Funani la makilogalamu 350 kupita m'mwamba. Chachitatu ndi mapini. Thirakitala za kukula uku zimagwiritsa ntchito Category 2: mapini a mikono yapansi ndi a mamilimita 28, ya top link, mkono wapamwamba wapakati, ndi ya 25. Zipangizo zambiri zotchipa ndi za Category 1, mapini a 22 ndi 19, zopangidwira mathirakitala ang'onoang'ono. Zimakwana mukaika mabushi, inde, koma felemu yake siipirira 75 hp, ndipo imapindika tsiku limene dzino lakola muzu.

Za mnyamata wa pa Kamuzu Road, musamupeputse. Bokosi ndi chipangizo chosavuta kupanga, ndipo lopangidwa kwanu limakonzekanso kwanu. Koma mtengo wotchipa nthawi zambiri umabisala m'chitsulo chopyapyala, ndiye mugwirizane miyeso musanapereke kangachepe koyambira. Zipupa zam'mbali zisachepere mamilimita 10, khoma lakumbuyo 8 kapena 10. Mtanda umene umagwira mano ukhale wa chitsulo chabokosi cha mamilimita 100 mbali zonse, chokhuthala 8, chifukwa mphamvu yonse ya thirakitala imathera pamenepo. Mpeni usakhale chitsulo wamba chodula pa pepala la chitsulo. Chotere chimatha msanga mumchenga wa ku Salima, m'mwezi umodzi chabuntha. Apeze mpeni wakale wa gireda ya mumsewu, aumange ndi mabawuti a mitu yobisika ngati a pulawo, osati kuuwotcherera. Wowotcherera sungatembenuzidwe ukatha mbali imodzi, komanso kutentha kwa moto kumaufewetsa kapena kuuswa m'mphepete mwa chowotchereracho. Mano agulidwe opangidwa kale okhala ndi nsonga zosintha. Akamaliza, ikani bokosilo pa simenti yosalala: mpeni ugunde pansi kuyambira nsonga ino mpaka inayo, ndipo mapini awiri apansi atalike mofanana kuchokera pansi. Likapotoka pa simenti lidzapotozanso munda wanu mpaka kalekale.

Nthawi yogwirira ntchito pa makande ndi yopapatiza. Mu Okutobala dothili limang'ambika ming'alu yolowa dzanja ndipo limauma gwa, mano amangotulutsa zibuma zazikulu zimene sizisalazika. Mu Januwale limamatirira m'bokosi, silikhuthuka, ndipo matayala amasiya maenje oposa amene mumafuna kukwirira. Nthawi yake ndi mukangokolola, cha mu Meyi mpaka Julayi, pamwamba pataumako koma pansi pakadali chinyezi. Kumbani masentimita 10, mufumbate dothi: likaumbika koma n'kuphwanyika mukalikanikiza ndi chala, lakonzeka. Likatuluka pakati pa zala ngati phala, dikirani. Chotsani mapesi a mpunga kaye, poti amakulungana kutsogolo kwa mpeni n'kulinyamula bokosi. Kenako pitani ndi halo ya madisiki kawiri kuti dothi liphwanyike. Bokosi limagwira bwino pa dothi lofewetsedwa kale, ndipo mano ake ndi othandizira pa malo ouma okha.

Poyendetsa, pali zinthu zitatu zimene dalaivala ayenera kuzigwira m'mutu. Pa Massey pali ndodo ziwiri za hayidiloliki, yolembedwa Draft ndi yolembedwa Position. Ya Draft ikhale m'mwamba, agwiritse ntchito ya Position. Draft ndi ya pulawo: ikamva kulemera imakweza yokha chipangizo, ndiye bokosi likangodzaza imalinyamula n'kusiya mulu pakati pa munda. Chachiwiri ndi top link. Mukaifupikitsa, bokosi limaweramira kutsogolo, mano ndi mpeni wakutsogolo zimaluma kwambiri. Mukaitalikitsa, limakhalira kumbuyo ndipo limangopaka dothi osadula. Podula fupikitsani, pomaliza talikitsani ndi kukweza mano onse. Kutembenuza kawiri kapena katatu kokha kumasintha zambiri. Chachitatu ndi liwiro: giya yotsika, makilomita 3 mpaka 5 pa ola, liwiro la munthu woyenda pansi. Azidula masentimita 3 mpaka 5 pa ulendo, osafuna kumaliza chitunda kamodzi.

Dandaulo limene limabwera kawirikawiri ndi loti munda watuluka mafundemafunde ngati lata. Chifukwa chake n'chakuti bokosi lili kumbuyo kwa matayala akumbuyo. Matayala akutsogolo akakwera kachitunda, bokosi limalowa pansi n'kukumba dzenje. Akatsikira m'dzenje, bokosi limakwera n'kutaya dothi. Mukabwereza njira yomweyo, thirakitala imakwera pa mafunde amene yapanga ndipo amakulirakulira. Mankhwala ake ndi kusintha njira: ulendo uno m'litali, wotsatira mopingasa, womaliza modutsa pa ngodya. Dalaivala asamaseweretse ndodo ya Position pa bampu iliyonse, chifukwa dzanja limachedwa nthawi zonse. Ngati mafunde akupitirira, wowotcherera uja aike matayala awiri ang'onoang'ono kumbuyo kwa bokosi, pa mkono wa mita imodzi wokhala ndi sikuluwu yokwezera ndi kutsitsa. Bokosi likayenda pa matayala akeake silitsatiranso kugwedezeka kwa thirakitala. Yesaninso hayidiloliki yanu: kwezani bokosi, zimitsani injini, muone. Likatsika lokha m'mphindi zochepa, mkati muli kudontha, ndipo ndi hayidiloliki yotero palibe dalaivala angasalaze munda. Matcheni a m'mbali mwa mikono akhale omangika kuti bokosi lisamayende uku ndi uku. Matayala akamaterereka, thirani madzi m'matayala akumbuyo kufika pa valavu ili pamwamba, ndipo kutsogolo kukhale zitsulo zolemetsa.

Musayembekeze kuti chaka choyamba munda ukhala ndendende. Dothi lothira limatsika likanyowa, pa masentimita 10 alionse limatha kutsika limodzi kapena awiri, ndiye pothira muzipitirirako pang'ono mulingo. Madzi oyamba akalowa, zitunda zotsala zimaonekera zokha ngati tizilumba. Zimenezo malizani ndi thabwa lokokedwa ndi ng'ombe kapena ndi anthu m'matope musanawokere. Thirakitala ya matayala awiri ndi bokosi lolemera musailowetse m'matope a makande, mudzaitulutsa ndi inzake. Chaka chachiwiri mukabwerezanso pang'ono, ndime zimakhazikika.

Zulu zija zikufuna ulemu. Mkati mwake muli mphako, ndipo tayala limodzi likabooleza pamene thirakitala yakwera, imagudubuzika. Musakwere chulu. Chiyambeni m'mphepete, mano ali pansi, muzichisenga pang'onopang'ono mukuzungulira, matayala onse ali pa nthaka yolimba. Chikakhala chotalika kuposa munthu, anyamata achigwetse kaye ndi mapiki, kapena mudikire tsiku limene kwabwera makina okumba. Pali chizolowezi chokankha chulu chobwerera m'mbuyo ndi mpeni wakumbuyo. Pa dothi lofewa palibe vuto, koma kugunda nacho chinthu cholimba kumapinda mikono yapansi, chifukwa inapangidwira kukoka osati kukankha. Dothi la chulu mulimwaze mopyapyala, ndipo pamene panali chulupo padzatitimira mvula ikagwa, musungeko dothi lodzathira. Kuonjezera apo, munthu asakwere pa bokosi kuti lilemere. Anthu amachita, ndipo miyendo imathyoka. Mangiranipo zitsulo kapena matumba a mchenga.

Tsopano msewu. Umakumbika chifukwa madzi amayenda mkati mwake m'malo mwa m'mbali, ndiye kungokwirira maenje n'kutaya nthawi. Mvula ya mu Disembala idzawafukula onse. Msewu wadothi umafuna msana pakati, wotsetsereka masentimita 4 mpaka 6 pa mita iliyonse. Pa msewu wa mamita 4 m'lifupi, pakati pakwere masentimita 10 kuposa m'mphepete. Mbali zonse ziwiri kukhale ngalande, ndi tingalande topatuka totayira madzi kutchire pafupipafupi, makamaka potsetsereka, ndipo pamene madzi amadutsa msewu paikidwe kalavati. Kuumba zonsezi ndi ntchito ya gireda yeniyeni, ndipo pa mamita 600 siichedwa. Funsani ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo ya Salima, ku PVHES, nthambi ya boma yobwereketsa makina imene ambiri amaitchabe PVHO, kapena kwa makontilakitala amene ali ndi makina chapafupi, chifukwa chimene chimadula kwambiri pobwereka gireda ndi kuibweretsa. Alimi oyandikana nawo mukasonkherana, mtengo umapepuka.

Msana ukaumbidwa, bokosi lanu likhoza kuusamala. Fupikitsani kapena talikitsani mkono wakumanja ndi chopukusira chake kuti mbali imodzi ya bokosi itsike masentimita angapo, muyende mbali imodzi popita ndi inayo pobwera, osadutsa pakati penipeni, kuopa kudula msanawo. Dzenje musalithire dothi pamwamba. Ling'ambeni ndi mano kufika pansi pake, musakanize, musalaze, mupondereze ndi matayala dothi lili lachinyezi. Koma dziwani kuti chitsulo sichisintha mtundu wa dothi. Pamene msewu wadutsa pa makande padzatererabe, ndipo pa mchenga wokhawokha lole idzatitimirabe. Malo otero amafuna gelevulo wokhuthala masentimita 10 mpaka 15. Msewu wonse, pa mamita 3.5 m'lifupi ndi masentimita 10, ungadye makiyubiki mita 210, choncho yambani ndi malo oipitsitsa. Pa mchenga, dothi la zulu zanu zija losakaniza bwino limathandiza kumanga.

Mukadzapeza ndalama ya chipangizo chachiwiri, kapena mukaona kuti anthu ambiri akufuna kukulembani ganyu ya misewu, apo mugule buledi. Ikhale ya mamita 2.4, chifukwa ikapendeka madigiri 30 imangophimba mamita 2.1, ya mamita 2.1 ikapendeka imasiya tayala limodzi panja. Ikhale yotha kupendeka, kutsitsa nsonga imodzi, kusunthira kumbali ndi kutembenuka kuyang'ana kumbuyo, ndipo muyang'anitsitse pini yaikulu yapakati pamene imazungulira, poti buledi zotchipa zimathyokera pamenepo.

Pali pamene muyenera kuitana ena. Miyeso yanu ikaonetsa kusiyana kopitirira theka la mita pa mamita 100, kapena munda uli ndi zigwa zingapo zosiyana, pitani kwa alangizi a ulimi wothirira ku ofesi ya zaulimi ya boma, abwere ndi makina oyezera akujambulireni ndime ndi njira za madzi. Ngati munda uli mu sikimu, kapena madzi anu amachokera kapena kupita m'minda ya ena, kambiranani ndi komiti ya madzi musanasinthe mulingo, chifukwa kukweza ndime yanu ndi masentimita 10 kungathe kumiza ya mnzanu kapena kuimana madzi. Msewu ukakhala wa mudzi wonse, amfumu ndi khonsolo adziwe musanakumbe ngalande, ndipo pamene ukulumikizana ndi msewu wa boma musatseke ngalande yake. Kufupi ndi nyumba ndi malo ochitira malonda funsani kumene kwadutsa mapaipi a Central Region Water Board kapena a mpope wa m'mudzi, popeza mano a bokosi amalowa mokwanira kung'amba paipi yosakwiriridwa mozama. Ndipo mukadzakuza munda kufika mahekitala 10 kapena kuposa, funsani za makina osalazira a laser, amene amakweza ndi kutsitsa mpeni okha potsatira kuwala. Amenewo ndi obwereka pa hekitala, osati ogula, ndipo amafuna thirakitala yokhala ndi potulukira mafuta a hayidiloliki kumbuyo, choncho muonetsetse ngati 375 yanu ili napo musanapangane ndi mwini makinawo.